Mphunzitsi ndi Cilungamo m'Mudzi

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a sukulu za m'midzi



Nkhani ya lero iri pa funso limene libvuta aphunzitsi ambiri, lakuti: kodi nchito ya mphunzitsi ithera pa khomo la sukulu? Alipo ena amene ayankha kuti inde, ithera pomwepo. Iwo ati mphunzitsi analembedwa nchito kuti aphunzitse kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndipo za m'mudzi ziri ndi eni ace, ndiwo anyakwawa ndi makolo. Maganizo amenewa sali opanda nzeru, pakuti mphunzitsi wolowerera ziri zonse sakhalitsa pa malo. Koma ciripo cinthu cimodzi cimene cimturutsa mphunzitsi kunja angakhale safuna, ndico kaundula. M'mawa muli monse iye aitana maina a ana, ndipo dzina lina likakhala losayankhidwa sabata yathunthu, iye ndiye wa nchito ya boma woyamba kudziwa kuti mwana wina wasowa. Akuru a maphunziro ku boma adzamva patapita miyezi, ndipo ena sadzamva konse. Tsono nchito ya cilungamo m'mudzi iyambira pa dzina limenelo.

Mcitidwe wakuti aphunzitsi alankhulire anthu suli wacilendo m'dziko lino. M'caka ca 1923, ku Mwenzo, mishoni ya Livingstonia ya kufupi ndi malire a Tanganyika, kunali bungwe lochedwa Mwenzo Welfare Association, ndipo mwa atsogoleri ace munali Donald Siwale ndi David Kaunda, mphunzitsi wa ku Lubwa. Anthu amenewa analibe mpando m'nyumba ya malamulo. Zida zao zinali msonkhano, pepala ndi colembera. Anali kumva madandaulo a anthu, monga a msonkho wolemera, nawalemba mwaulemu koma mosabisa, nawatumiza ku boma. M'caka ca 1946 Dauti Yamba, mphunzitsi wa ku Luanshya, anathandiza kumanga pamodzi mabungwe otere kuti akhale Federation of African Societies, ndipo m'caka ca 1948 bungwelo linasanduka Congress. Harry Nkumbula, Kenneth Kaunda ndi Simon Kapwepwe onse anali aphunzitsi asanatsogolere dziko ku ufulu wa m'caka ca 1964.

Inaliponso njira yina yosamveka kwambiri. Sukulu ya Jeanes, imene inayamba ku Mazabuka nikhazikika ku Chalimbana m'caka ca 1939, inali kuphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi ao kuti aziyendera midzi ndi kuthandiza anthu pa za madzi abwino, zimbudzi, kulera ana ndi ulimi. Kwa onsewa muoneka zinthu ziwiri zoyenera kusunga: analankhula zimene anaziona ndi kuzilemba, ndiponso sanayende okha.

Komabe nthawi yao isiyana ndi ino. Iwo anali kupempha malamulo amene kunalibe. Lero malamulo ambiri oteteza mwana alipo, koma lamulo lolembedwa ku Lusaka liribe miyendo. Silifika ku mudzi wa kutali ngati palibe wolinyamula. Cifukwa cace mphunzitsi ayenera kudziwa malamulo awa monga adziwa masamu amene aphunzitsa.

Loyamba ndi la m'caka ca 1997, lakuti mtsikana amene watenga pakati ali pa sukulu abwerere ku maphunziro atabereka. Laciwiri liri m'lamulo la maphunziro la m'caka ca 2011, limene liletsa munthu ali yense kukwatira kapena kukwatitsa mwana wa sukulu, kapena kumcotsa pa sukulu cifukwa ca ukwati; wolakwa akhoza kumangidwa zaka zosacepera 15. Lacitatu ndi la m'caka ca 2023, limene linaika zaka 18 kukhala msinkhu woyambira ukwati uli wonse, ndi wa mwambo womwe. Kuonjezera pamenepo, kuyambira Januwale 2022 mwana salipira ndarama ya maphunziro m'sukulu za boma kufikira Giredi 12, ndipo m'caka comweco thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu ali yense. Mwa zimene thumbali lilipira muli zipinda zophunziriramo, madesiki, ndi cithandizo ca ana osauka opita ku sekondale zogonera komweko.

Tsono dzina likasowa m'kaundula, mphunzitsi acitenji? Ayambe ndi kufunsa, pakuti ana sasowa ndi cifukwa cimodzi. Mtsikana wina wabisala m'nyumba ndi manyazi a pakati. Wina akambirana za ukwati wace cifukwa nkhokwe yauma. Mnyamata wina, monga zicitika m'midzi ya ku Katete, Chadiza ndi Petauke, wapita kukaweta ng'ombe za mwini kwa zaka zingapo kuti adzalandire ng'ombe imodzi. Wina wapita ku munda wa fodya kapena wa thonje. Makolo ocita zimenezi kawiri kawiri sacita ndi nkhanza. Umphawi ndiwo uwakankha. Mphunzitsi wofika pa khomo pao ndi mau a ndende pakamwa adzapeza citseko cotseka, ndipo mwanayo adzatumizidwa usiku kwa abale a kutali.

Njira yabwino ndiyo kutsata mwambo wa pamalopo. Kwa Acewa nkhani ya mwana sithera pa atate ace okha. Mwini mbumba ndi atsibweni, ndipo woiwala iwo wataya nthawi yace. Kwa Angoni mau olemera ali ku banja la atate. Mphunzitsi asapite yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Atenge mmodzi wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kapena mai wacikulire amene mudzi umlemekeza, ndipo ayambe walonjera anyakwawa. Akhale pansi, amve bvuto lonse, ndipo pomariza pace afotokoze za lamulo monga mnansi wocenjeza mnzace. Kholo lambiri silinamve kuti mwana wace wobereka ali ndi malo pa sukulu, kapena kuti cithandizo ca ku sekondale cipemphedwa kudzera ku Ward Development Committee, komiti ya citukuko ya m'dera lao. Mphunzitsi amene athandiza mai wamasiye kulemba bwino mapepala opemphera cithandizoco wacita nchito ya cilungamo yoposa maphunziro khumi a pa bolodi.

Koma iripo milandu yina yosayenera kukambirana pa mphasa. Mwana akagwiriridwa, kapena akatengedwa kale ku ukwati, nkhaniyo siyithetsedwa ndi mbuzi kapena ndarama pa bwalo la m'mudzi. Mphunzitsi adziwitse mphunzitsi wamkuru tsiku lomwelo, ndipo nkhani ifike kwa a Social Welfare ndi kwa apolisi a Victim Support Unit. Kucedwa pa mlandu wotere ndiko kuthandiza wolakwa. Dzina la mwanayo lisungidwe mwacinsinsi, lisakhale nkhani ya pa citsime.

Nchito yina ndiyo ya mudzi wonse pamodzi. Anamkungwi ndiwo aphunzitsi a mwambo, ndipo ayenera ulemu. Sukulu ikhoza kupangana nao kuti cinamwali cicitike pa nthawi ya chuthi, kuti namwali asataye miyezi ya maphunziro. Kunena za zosowa za sukulu, maphunziro aulere anadzaza zipinda, kotero kuti angakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 m'caka ca 2022, m'sukulu zambiri ana anacuruka koposa madesiki. Kudandaula m'nyumba ya aphunzitsi sikubweretsa desiki. Komiti ya makolo ikawerenga ana okhala pansi, nilemba ciwerengero cao, nipita naco ku komiti ya citukuko, nibweranso kudzafunsa mwezi wamawa, pamenepo iri kuyenda m'mapazi a anthu a ku Mwenzo aja. Mphunzitsi athandize kuwerenga ndi kulemba, koma makolo ndiwo alankhule, pakuti iye tsiku lina adzasamutsidwa, ndipo mudzi uyenera kutsala ukudziwa njira.

Nanga m'kalasi, cilungamo ciphunzitsidwa bwanji? Ana aphunzira ndi maso koposa ndi makutu. Iwo aona ngati atsikana okha ndiwo asesa ndi kutunga madzi pamene anyamata asewera mpira. Aona ngati mafunso apita kwa okhala kutsogolo okha, ngati mwana wolumala wasiyidwa pa ngodya, ngati mwana wa nyakwawa akhululukidwa pa colakwa cimene wamasiye alangidwa naco. Ana awiri akayambana, mphunzitsi amve mbali zonse ziwiri asanagamule, ndipo kalasi lione kuti watero. Mkwapulo unaletsedwa m'sukulu m'caka ca 2003, ndipo wophunzitsa za ufulu wa ana ali ndi ndodo m'dzanja adzitsutsa yekha. Maphunziro omwewo a masiku onse akhoza kugwira nchitoyi: pa masamu ana awerenge madesiki ndi kupeza osowa; pa phunziro la kulemba kalata alembe kalata yeniyeni yopita kwa khansala wa dera lao. Mmera mpoyamba; mwana wozolowera kupempha coyenera ndi ulemu ndi umboni adzatero kufikira ukalamba.

Patsala macenjezo awiri. Loyamba ndi lakuti mphunzitsi wa lero ndi wa nchito ya boma, ndipo ana ace acokera m'mabanja a zipani zosiyana. Iye ali ndi voti yace monga nzika iri yonse, koma akabvala nsaru ya cipani pa nchito imeneyi, theka la mudzi lidzaleka kumumvera, ndipo obvutika adzakhala ana. Laciwiri ndi lolemera koposa. Alipo aphunzitsi amene atuma ana ku minda yao nthawi ya maphunziro, ndipo alipo ena amene aononga atsikana amene anapatsidwa kuti awasunge. Mudzi udziwa zonsezi angakhale ukhale cete. Aphunzitsi akabisa mnzao wotere cifukwa ca cibale ca nchito, mau ao pa khomo la kholo akhala opanda mphamvu. Cilungamo cimene afuna kunja ayambe acicita pa bwalo la sukulu.

Nchitoyi iri ndi mtengo wace. Wolanditsa mtsikana ku ukwati akhoza kudedwa ndi banja limene linayembekeza cuma, ndipo nthawi zina adzalephera, mwanayo napita ndithu. Koma mwambi uti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mphunzitsi wapatsidwa ana a anthu ambiri.

Pempho lotsiriza ndi ili: sukulu isanatsekere cigawo cino, mphunzitsi ali yense atenge kaundula wace, alembe pa pepala maina a ana onse amene analeka kubwera kuyambira Januwale, ndipo pa dzina liri lonse alembe kumene mwanayo ali ndi cifukwa cace. Pepalalo alipereke kwa mphunzitsi wamkuru ndi ku komiti ya makolo, ndipo apangane tsiku loyendera khomo loyamba.