Zida za Mkhristu ndi Usiku wa ku Chapotera



Pamene Paulo Woyera ankalembera akhristu a ku Efeso za zida za Mulungu, mwini wakeyo anali pa unyolo. Chida chokanthira anatchula chimodzi chokha, ndicho lupanga la mau a Mulungu. Zinazo, lamba, chishango, chisoti ndi nsapato, nza munthu woti aime nji pamalo pake. Mdani amene ankanenayo si munthu mnzake ai, koma Satana, amene amaloŵa mumtima ndi mantha, bodza ndi kulipsira.

Anthu a ku Angónia sasoŵa wowamasulira zimenezi. Utabwera ufulu wa 1975, boma linalanda nyumba za mishoni ya Lifidzi, ndipo ansembe anakakhala pakati pa anthu ku Chapotera. Nkhondo itakula, malire a Malaŵi anali pafupi, koma Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa konkuno, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal sanasiye nkhosa zao. Usiku wa 30 Okutobala 1985 anthu amfuti anawatulutsa m'nyumba, nakawapha.

Pemphero silinafe nawo. Akatekisti anapitiriza kusonkhanitsa anthu pa Lamulungu, ena kuno, ena kothaŵira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo amai ankapemphera korona chonong'ona.

Nkhondo yovuta koposa, mwina, inadza utasainidwa mtendere ku Roma mu 1992. Othaŵa anabwerera, ndipo mkazi wamasiye anayenera kugwada m'tchalitchi chimodzi ndi munthu amene ankamudziŵa bwino ntchito zake, ndi kumpatsa dzanja la mtendere asanalandire Ukaristia.