NKHOKWE ZA YOSEFE NDI NKHOKWE ZATHU

Ulaliki wa pa Sabata la Masika, mu mpingo wa ku Area 36, Lilongwe.
Kuwerenga: Genesis 41: 25-57.

Lero mwadza ku nyumba ya Mulungu ndi zamasika zanu, wina cimanga m'licero, wina mtedza, wina ndalama pang'ono, pakuti ambiri a ife okhala mumzinda muno munda wathu ndiwo msika. Ndikondwera pakuona mulu uwu patsogolo panga. Koma ndifuna kuti pa tsiku lino lakukhuta tiganize za tsiku la njala, monga anacita Yosefe pamaso pa Farao.

Mudziwa nkhani yace. Farao analota ng'ombe zisanu ndi ziwiri zonenepa zirikudyedwa ndi zinzace zoonda, ndipo Yosefe anamasulira kuti zirinkudza zaka 7 za dzinthu ndi zaka 7 za njala. Sanalekere pa kumasulira kokha ai, koma anapereka uphungu: kuti afunidwe munthu wanzeru, kuti limodzi la magawo asanu a zokolola lisonkhedwe, ndi kuti cakudya ca minda yozinga mudzi uli wonse cisungidwe m'mudzi momwemo. Mulungu sanaletse njala ija, koma anacenjeza anthu isanafike, nawapatsa wosunga wokhulupirika. Pa mau awa nditenga mitu itatu.

Mutu woyamba: njala imadza, ndipo imatuma mithenga patsogolo pace.

Ife a dziko lino sitisowa loto la Farao, popeza ng'ombe zoonda taziona ndi maso athu. Agogo athu anasimba za njala ya 1949, pamene amuna anacoka kukafuna cakudya ndipo ena sanabwerenso. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wochedwa Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola midzi ku cigawo ca kumwera, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Caka cotsatira, 2024, mvula inadula cimanga ciri pakati pa kukula, kotero kuti boma linalengeza tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino.

Ndipo iripo njala yina imene sicokera kumitambo. Dziko lathu ligula kunja mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala, ndipo zambiri za izi zidzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Eni katunduyo salandira kwacha, afuna ndalama zakunja. Ndipo ife tizipeza makamaka pa fodya. Tikagula zambiri koposa zimene tigulitsa, ndalama zakunja ziperewera. Cifukwa cace kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 m'mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 m'mwezi wa Novembala 2023, pamene dola imodzi inacoka pa K1,180 kapena pafupi pamenepo, nifika pa K1,700. Inu amai, simunasowe wokumasulirani mawerengero awa. Munawamva pogula sopo, mcere ndi mafuta ophikira. Inu oyendetsa minibasi ndi njinga zakabaza, munagona pa mizere ya mafuta mu 2024 ndi 2025. Ufa wa m'kathumba kaja mucicha wokumani unacepa-cepabe. Zimenezi ndizo ng'ombe zoonda za masiku athu, ndipo wanzeru sadabwa nazo.

Mutu waciwiri: nkhokwe yopanda wosunga wokhulupirika iri ngati dengu lobooka.

Amene mwapita ku Kanengo mwaziona nkhokwe zazikuru za boma, zazitali zoonekera kutali. Zinamangidwa ndi nzeru ya Yosefe, kuti dziko likhale ndi cakudya ca tsiku loipa. Koma kumbukilani cimene cinacitika. M'zaka za 2000 ndi 2001 cimanga ca dziko, matani oposa 160,000, cinagulitsidwa pafupi-fupi conse. Zokolola za 2001 zinacepa, ndipo pofika Febuluwale 2002 boma linalengeza tsoka la njala. Anthu anadya mizu ndi gaga, ambiri namwalira. Makoma a nkhokwe anali cilili, osagwa. Cinasowa ndi cimanga m'kati mwace. Momwemonso mu 2013 kunamveka kuti ndalama zambiri-mbiri za boma zabedwa ku Capital Hill, ndipo maiko amene amatithangata pa cuma ca boma anabweza dzanja lao. Amene anamva kuwawa kwace ndiye wodwala wosapeza mankhwala ndi mwana wosapeza buku.

Taonani tsono kusiyana kwace kwa Yosefe. Anali ndi mphete ya mfumu pa cala cace, makiyi onse anali m'manja mwace, ndipo tirigu anacuruka kufikira analeka kumuwerenga. Ndani akanamgwira akadapatulako pang'ono? Koma iye anaphunzira kale, m'nyumba ya Potifara ndi m'ndende momwe, kuti Mulungu aona pamene palibe munthu woona.

Sindiima pano kunenera cipani ciri conse, pakuti pa mipando iyi pakhala anthu a zipani zonse, ndipo mgonero wathu ndi umodzi. Tiyamike Mulungu kuti pa 3 Febuluwale 2020 oweruza anafafaniza cisankho ca 2019 ndipo dziko silinagawanike; ndiponso kuti citapita cisankho ca pa 16 Sepitembala 2025, Dr Lazarus Chakwera anabvomereza kuti wagonja, ndipo Prof Peter Mutharika analandira ulamuliro mwamtendere. Maiko ena a mu Afrika anakhetsa mwazi pa zinthu zotere. Koma ndinena ici: kusintha wosunga makiyi sikudzaza nkhokwe. Wolamulira ali yense tiyenera kumpempherera, ndiponso tiyenera kumfunsa mwaulemu ndi mosaopa kuti, Muli ciani m'nkhokwe? Anawerenga ndani? Cinaturuka cinanka kuti? Ndipo munthu amene agulitsa voti yace ndi nsaru kapena ndi ndalama ya tsiku limodzi, ameneyo wadzitseka pakamwa zaka zisanu.

Mutu wacitatu: nkhokwe yako ndi muyeso wako.

Nkwapafupi kuloza cala ku Capital Hill, abale, koma Mau a Mulungu alowanso m'misika ya Kawale, Biwi ndi Chinsapo, ndi m'misika yathu ya kuno. Mneneri Amosi, pa mutu 8, anadzudzula amalonda amene anacepsa muyeso, nakuza mtengo, nagulitsa ndi mungu womwe kwa aumphawi. Kodi ndowa imene ugulira cimanga kumudzi ndi imene ugulitsira kuno ziri zofanana? Kodi sunaiponde pansi pace kuti ilowe pang'ono? Iwe wokongoza ndalama za katapila, amene ulanda mbale ndi zofunda za mkazi wamasiye, udzayankha ciani? Amene aba ndi mbale ndi amene aba ndi galimoto lalikuru ali ndi mtima umodzi. Asiyana mpata wokha. Tisayembekeze olamulira oongoka kuturuka mwa anthu okhota, pakuti olamulirawo ndi ana a m'nyumba zathu.

Ndipo inu muli ndi munda kumudzi, musagulitse cimanga conse pa masika pamene mtengo uli pansi, kuti mudzacigulenso mu Januwale mtengo utakwera. Yambani mwawerenga miyezi ndi pakamwa pa ana anu, ndipo cotsala ndico mugulitse. Inu aphunzitsi a m'midzi amene mudzawerenga mau awa, phunzitsani ana kuwerengera cakudya ca banja ca caka cathunthu; samu imeneyi idzawapulumutsa koposa zambiri.

Tsono ife monga mpingo ticite ciani? Pa Macitidwe 11 timva kuti Akristu a ku Antiokeya, atamva za njala irinkudza, sanadikire kuti ifike, koma yense anapereka monga anakhoza, natumiza kwa abale a ku Yudeya. Ife tidziwa kale kuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale idzafika, ndipo tidziwa makomo amene utsi udzayamba kusowa. Cifukwa cace ndipempha banja liri lonse kuti kuyambira lero, Sabata ndi Sabata, libwere ndi mbale imodzi ya cimanga, kapena mtengo wace. Cisungidwe bwino ndi mankhwala a anankafumbwe. Makiyi akhale awiri, wina kwa mkuru wa mpingo, wina kwa mai wa cigwirizano. Ndipo buku lace liwerengedwe poyera mwezi ndi mwezi, kuti cimene tifunsa kwa boma tiyambe taticita ife eni. Wina adzati, Mbale yanga ithandiza ciani? Makolo anati mutu umodzi susenza denga, natinso kupatsa nkuika. Kapena mbale imene upereka lero idzabwera pakhomo pako pomwe mwana wako akulira.

Potsiriza, kumbukilani kuti abale a Yosefe, amene anamgulitsa, anadza kwa iye ndi matumba opanda kanthu, ndipo iye sanawabweza. Ife tiri naye wamkuru woposa Yosefe, ndiye Yesu Kristu, amene anagulitsidwanso ndi ndalama, nakhala cakudya ca moyo kwa iwo omwe anamkana. Ngati wina pano wanyenga pa muyeso, kapena wadya za amasiye, asaturuke ndi katundu ameneyo. Alape, abweze, ndipo adzalandiridwa. Nkhokwe yace ya Ambuye sinagulitsidwepo usiku, ndipo mtengo wace sukwera.

Ambuye atipatse mitima yokhulupirika pa zazing'ono, apatse olamulira athu nzeru ndi kuopa Mulungu, ndipo agwetse mvula pa nyengo yace m'dziko lathu la Malawi. Amen.