Mpini wa Chida cha Dotolo

Nkhani ya usiku uno ndi ya chinthu chimene anthu ambiri sachilabadira, chingakhale moyo wa munthu wogona pa thebulo la opaleshoni udalira chomwecho. Anthu akamasimba za dotolo wodziwa ntchito yake, atama mpeni wake kuti ndi wakuthwa, natamanso dzanja lake kuti silinjenjemera. Koma pakati pa dzanja ndi lumo pali mpini, ndipo mpiniwo ndiwo ulamula kukula kwa chimene chichotsedwa m'thupi. Dotolo akachotsa mopereweza, nthenda itsalira nkuphukanso. Akachotsa mopitiriza, awononga mnofu wabwino, kapena adula mtsempha umene sudzalumikizikanso. Chifukwa chake amisiri opanga zida za m'chipatala alingalira za mpini mozama monga momwe alingalirira za chitsulo chodulira.

Mmisiri wotere ayamba ndi kuphunzira dzanja. M'chaka cha 1956 dotolo wa ku Britain, John Napier, adalongosola kuti kagwiridwe ka dzanja la munthu kali ka mitundu iwiri. Koyamba ndi kagwiridwe ka mphamvu, monga munthu agwirira mpini wa nkhwangwa, zala zonse zitaukulunga nkuupanikiza m'chikhatho. Kachiwiri ndi kagwiridwe ka luso, monga mayi agwirira singano, pakati pa chala chachikulu ndi nsonga za zala zinzake. Pakuti akale adanena zoona kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kagwiridwe ka mphamvu kakhoza kuthyola fupa, koma sikamva zinthu zing'onozing'ono. Kagwiridwe ka luso kasiyanitsa chotupa cholimba ndi mnofu wofewa, koma katopa msanga. Ndicho chifukwa chake mpini wa mpeni wa dotolo uli wopepuka ndi waphanthiphanthi, kuti usagubuduke m'zala, ndipo uli ndi timizere pogwira, kuti usaterereke pamene magolovesi anyowa ndi magazi. Koma mpini wa chida chodulira fupa uli wonenepa wodzaza chikhatho.

Kale mipini ya zida zimenezi inali yokongola kopambana. Ina idasemedwa ndi minyanga ya njovu, ina ndi mitengo yakuda yonga phingo, ina ndi zigoba za akamba a m'nyanja, ndipo amisiri ankaijambula maluwa ndi mizere. Koma m'timing'alu ta zokongoletsazo munkauma magazi ndi mafinya, ndipo dotolo ankanyamula nthenda kuchoka kwa wodwala uyu kupita nayo kwa uyo osadziwa. M'chaka cha 1867 Joseph Lister, dotolo wa ku Glasgow, adalengeza njira yake yophera tizirombo m'mabala ndi pa zida ndi mankhwala a carbolic. Mu 1886 Ernst von Bergmann wa ku Berlin adayamba kugwiritsa ntchito nthunzi yotentha. Pamenepo mipini yokongola ija idaona tsoka, pakuti mnyanga ndi mtengo zing'aluka m'nthunzi, ndipo ulimbo wolumikiza mpini ndi chitsulo usungunuka. Posapita zaka zambiri zida zonse zidasanduka zachitsulo chokhachokha, zosalala ndi zopanda maluwa. Ndipo Harry Brearley atatulukira chitsulo chosachita dzimbiri ku Sheffield mu 1913, amisiri adapeza chimene ankachifuna. Lero zida zambiri ziphikidwa m'nthunzi ya madigiri 134 kwa mphindi 3, ndipo mpini wosapirira kutentha kumeneko uyenera kukhala wogwira ntchito kamodzi kokha nkutayidwa.

Kuyeretsa zida ndi moto kudabala vuto lina, pakuti kutentha kumabunthitsa lumo, ndipo mpeni wosulidwa pamodzi ndi mpini wake unkafuna kunoledwa kawirikawiri. M'chaka cha 1915 mmisiri wina wa ku America, Morgan Parker, mnyamata wa zaka 22, adalekanitsa ziwirizo. Adapanga mpini wokhala ndi kamlomo kumene lumo lilowa nkugwira zolimba, kotero kuti lumo litayidwa likatha ntchito, koma mpini ukhalabe, ndipo dzanja la dotolo liuzolowera zaka zambiri. Iye pamodzi ndi Charles Bard, wogulitsa zida za m'chipatala, adayambitsa kampani ya Bard-Parker. Manambala amene adaika akali kugwira ntchito m'zipatala kufikira lero: pa mpini wa nambala 3 palowa malumo aang'ono a nambala 10, 11 ndi 15, ndipo pa mpini wa nambala 4 palowa malumo aakulu oyambira nambala 20.

Pamene chofunika kuchotsedwa chili fupa, mphamvu ya zala yokha siikwanira. Pa ntchito imeneyi pali chida chonga mbaniro ya wosula zitsulo, chimene madotolo achitcha rongeur, mawu a Chifalansa onena za chinthu chokukuta, pakuti chikukuta fupa pang'onopang'ono monga achitira khoswe. Chinsinsi chake achidziwa munthu aliyense amene adatukulapo mwala waukulu ndi mtengo wautali, atautsamiritsa pa kamwala. Mipini ikatalika kanayi kuposa milomo yolumira, mphamvu ya dzanja ichuluka kanayi pofika ku milomoyo. Koma mipiniyo iyenera kukhadzuka kwambiri kuti milomo iyasame pang'ono, ndipo ikakhadzuka kopitirira, dzanja lilephera kuikumbatira. Pofuna kuthetsa vutoli amisiri adaika mfundo ziwiri m'malo mwa imodzi, monga zilili pa chida chotchedwa dzina la Lars Leksell, dotolo wa ubongo wa ku Sweden. Adaikanso chitsulo chofwamphuka pakati pa mipini, kuti chida chizitseguka chokha zala zikamasuka. Komatu mphamvu ikachuluka, kumva kuchepa. Ndipo mmisiri ayenera kusankha mosamala pamene alekezere.

Chitsanzo chabwino cha kusamala kumeneku ndi chida chimene Philip Kerrison, dotolo wa makutu wa ku New York, adachilongosola mu 1904. Chili ndi thunthu lalitali, ndi kaphazi kakang'ono kunsonga kamene kalowa kunsi kwa fupa. Dotolo akafinya mpini, chitsulo chapamwamba chisendera kutsogolo nkuluma fupa pa kaphaziko. Mpini wake udapindikira pansi monga mpini wa mfuti yaing'ono, kuti dzanja lisatseke maso a dotolo poyang'ana m'dzenje lakuya. Masiku ano chidachi chigwira ntchito kwambiri pa mafupa a msana, pamene kunsi kwa fupa kudutsa mitsempha yoyendetsa miyendo. Chiluma milimita 1 kufikira 5 pa nthawi imodzi, ndipo kuchepa kwa kalumidweko ndiko kuteteza wodwala. Pakuti tizidutswa ta fupa ndi magazi tibisala pakati pa zitsulo zake ziwiri, amisiri a masiku ano apanga zina zomasuka pakati kuti zitsukike bwino.

Nthawi zina luso la mmisiri lili poletsa dzanja kuti lisapitirire. Mwana akapsa kwambiri ndi moto kapena ndi phala, dotolo asenda khungu lopyapyala pa ntchafu yake nkuliyala pa bala. Khungulo kawirikawiri silipitirira theka la milimita kuchindikala kwake. Lumo likalowa kwambiri, lisiya bala latsopano losapola lokha. Likapita pamwamba, khungu ling'ambika. Kale ntchitoyi inkatheka ndi madotolo owerengeka a manja aluso, ogwiritsa ntchito mpeni wautali wopanda chotetezera. M'zaka za m'ma 1930 Graham Humby, dotolo wachinyamata wa ku London, adaika kachitsulo kobulungira patsogolo pa lumo, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizo ukula kapena kuchepa popotokola timisomali. Dotolo ayamba wayang'ana mpatawo pa kuwala, kenaka agwira mpini nayendetsa mpeni uku ndi uku monga sowo. Muyeso ukakhala wabwino, pamene pasendedwapo papola m'masabata awiri kapena atatu. Mpeni wa mtundu umenewu sufuna magetsi, ndipo ukali kuthandiza opsa m'zipatala zambiri za kutali ndi mizinda.

Pali zida zina zimene mpini wake uli kutali zedi ndi pamene padulidwa. M'chaka cha 1969 Hiromi Shinya, dotolo wobadwira ku Japan wogwira ntchito ku New York, adapanga khwekhwe la waya lolowetsa m'matumbo aakulu kudzera m'kapaipi kopindika, kuti likole timatupa timene tikhoza kusanduka khansa. Waya wake utalika kuposa mamita 2, ndipo mpini utsala kunja. Pa mpinipo pali mphete zitatu, ina ya chala chachikulu ndi ziwiri za zala zokokera. Kawirikawiri ogwira mpiniwo ndi namwino, pamene dotolo ayendetsa kapaipi. Namwino akakoka msanga, waya udula kachotupa magetsi asanawotche mtsempha wake, ndipo magazi atuluka. Khwekhwe likakola mnofu wambiri, thumbo likhoza kubooka. Chotero anamwino ambiri ayamba aika chizindikiro ndi cholembera pa mpini, pamene khwekhwe litsekera, kuti maso awauze chimene zala sizingathe kumva.

Vuto la kutalika kumeneku lidakula pamene madotolo adayamba kuchita opaleshoni kudzera m'timabowo ta pamimba. Erich Mühe adachotsa thumba la ndulu mwa njira imeneyi ku Böblingen, m'dziko la Germany, mu 1985, ndipo Philippe Mouret adachita chimodzimodzi ku Lyon mu 1987. Zida zake zitalika kuposa masentimita 30, ndipo zambiri zinenepa mamilimita 5 okha. Popeza chida chitsamira pa khungu la mimba, dzanja likapita kumanja nsonga ipita kumanzere. Amisiri oyamba adangotengera mphete za sizasi nkuziika kumapeto kwa zida zazitalizo, ndipo mphete ikapanikiza chala chachikulu kwa maola angapo, madotolo ena adayamba kuchita dzanzi losatha msanga. Kudaonekanso kuti mipini yambiri idayesedwa pa manja aakulu a amuna, kotero kuti madotolo aakazi ndi amuna a manja aang'ono ayenera kugwira ndi manja awiri chida choyenera dzanja limodzi. Amanzere nawonso, amene ali pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10, avutika ndi timano totsekera zopanira, pakuti tidakonzedwa kuti timasuke ndi dzanja lamanja.

Chifukwa cha maphunziro onsewa, mmisiri wanzeru wa lero sakhulupirira dzanja lake lokha. Ayesa manja a anthu ambiri, aakulu ndi aang'ono, amanja ndi amanzere. Aumba mipini yoyeserera napatsa madotolo ndi anamwino kuti aigwire atavala magolovesi onyowa, ndi kuigwira nthawi yaitali kufikira pamene dzanja litopa, pakuti zolakwa za mpini zioneka pa ola lachitatu, osati pa mphindi yoyamba. Afunsanso anthu otsuka zida, amene adziwa bwino kuposa wina aliyense pamene litsiro libisala. Wodwala sadzauona mpiniwo, ndipo dzina la mmisiri sadzalimva. Koma akadzuka miyendo yake ikuyenda ndi bala lake likupola, ntchito ya mmisiriyo ilimo pamodzi ndi ya dotolo. Nkhani ya usiku uno yathera pamenepa.