Tiyi wa Chikasu ndi Jinja: Ubwino Wake ndi Malire Ake

Mawu amene mmodzi wa mamembala athu adalankhula pa msonkhano waukulu wapachaka

Ndithokoze komiti pondipatsa mpata woti ndilankhulepo pa nkhani ya zaumoyo. Ine sindine dokotala. Ndine wogwira ntchito m'boma monga ambiri mwa inu, ndipo zimene ndinene pano ndi zimene ndawerenga m'zolemba za akatswiri, monga momwe aphunzitsi athu adatiphunzitsira kuti chinthu uzichifufuza usanachikhulupirire.

Ndasankha kukamba za tiyi wa chikasu ndi jinja chifukwa walowa m'makomo ambiri, makamaka kuyambira zaka za 2020 ndi 2021 pamene mliri wa Covid-19 udatisautsa, anthu n'kumathamangira jinja ndi mandimu kumsika. Mfundo yanga ndi imodzi: tiyiyu ndi chakumwa chabwino, koma sangalowe m'malo mwa mankhwala a kuchipatala.

Chikasu, chimene ena amachitchula kuti tameriki, ndi jinja ndi zomera zapachibale. Zonse zidachokera ku Asia, ndipo dziko la India ndilo limalima chikasu chochuluka kuposa maiko ena onse. Chimene timagwiritsa ntchito ndi tsinde lake lapansi panthaka, limene ambirife timangoti muzu. Mutabzala kumayambiriro kwa dzinja kuseri kwa nyumba, mudzakumba pakatha miyezi 8 kapena 9, masamba akayamba kuuma.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Tengani jinja wamuwisi wamkulu ngati chala chanu chachikulu, ndi chikasu chachiwisi chachikulu ngati kachala kakang'ono. Ngati muli ndi chaufa chokha, theka la sipuni yaing'ono n'lokwana. Tsukani bwino, palani khungu ndi sipuni, ndipo sinjani mu kamtondo kapena dulani tizidutswa topyapyala. Thirani m'poto momwe muli makapu awiri a madzi. Zikawira chepetsani moto, vundikirani, zikhale pamoto mphindi 10, kenaka sefani. Madzi a mandimu muthire mutaphula. Amayi, chenjerani ndi nsalu zoyera za patebulo, pakuti utoto wa chikasu suchoka msanga.

Nanga ubwino wake ndi wotani? Tiyambe ndi jinja, popeza ndiye ali ndi umboni wolimba. Kuyabwa kwake pakhosi kumachokera ku chinthu chotchedwa gingerol. Kafukufuku wochuluka waonetsa kuti jinja amachepetsa mseru, makamaka kwa amayi oyembekezera m'miyezi yoyambirira, pa muyeso wa pafupifupi galamu imodzi patsiku. Amathandizanso kuti chakudya chisakhalitse m'mimba. Munthu wa chimfine akamwa tiyi wotentha wa jinja pakhosi pamapepuka ndipo thupi limalandira madzi, ngakhale chimfinecho chimatha pa nthawi yake.

Mphamvu ya chikasu ili mu chinthu chotchedwa curcumin, chimene akatswiri awiri, Vogel ndi Pelletier, adachipatula koyamba m'chaka cha 1815. Pali umboni woti chimachepetsako ululu wa nyamakazi ya m'maondo, koma ofufuzawo amagwiritsa ntchito curcumin wochuluka kwambiri kuposa amene angapezeke m'kapu ya tiyi. Mu ufa wa chikasu, curcumin ndi magawo pafupifupi 3 okha pa 100 alionse. Kuonjezera apo, sasungunuka bwino m'madzi, ndipo wochepa amene walowa m'thupi chiwindi chimamuchotsa msanga. M'chaka cha 1998, ofufuza a ku St John's Medical College mumzinda wa Bangalore adapeza kuti piperine, chinthu cha mu tsabola wakuda, chimachulukitsa curcumin wolowa m'magazi nthawi pafupifupi 20. N'chifukwa chake ambiri amathira katsabola wakuda pang'ono ndi mkaka, popeza curcumin amasungunuka m'mafuta. Amwenye akhala akumwa mkaka wa chikasu kuyambira kalekale.

Tsopano ndifike pa zochenjeza, ndipo ndikupempha kuti apa mumvetsere bwino.

Choyamba ndi shuga. Ife Amalawi tiyi timamukonda wa masipuni atatu kapena anayi. Bungwe la WHO lidalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire pafupifupi masipuni aang'ono 12 patsiku, ndipo kuti 6 ndiye bwino koposa. Munthu womwa makapu atatu a tiyi wa jinja, kapu iliyonse masipuni anayi, wamaliza kale gawo lake lonse la tsikulo, uku akuganiza kuti akumwa mankhwala. Uchi nawonso ndi shuga, ndiponso sapatsidwa kwa mwana wosakwana chaka chimodzi.

Chachiwiri ndi ufa wogula. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2019 ofufuza a ku Stanford University pamodzi ndi anzawo a ku Bangladesh adalengeza kuti ochita malonda ena m'dzikolo ankapaka chikasu utoto wokhala ndi mtovu kuti chiziwala pamsika. Mtovu umaononga ubongo wa ana ndipo umakweza BP kwa akulu. Njira yabwino yodzitetezera ndiyo kugula chikasu chachiwisi kapena kudzilimira nokha.

Chachitatu ndi makapusozi amene akugulitsidwa m'masitolo ngakhalenso m'maofesi mwathu. Komiti ya akatswiri a WHO ndi FAO idaika muyeso wa mamiligalamu 3 a curcumin pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Kwa munthu wolemera makilogalamu 70, amenewo ndi mamiligalamu 210. Theka la sipuni ya ufa silifika ndi 50 omwe, choncho tiyi wathu ali m'malire. Koma kapusozi mmodzi akhoza kukhala ndi mamiligalamu 500, ndipo ambiri amasakaniza ndi piperine uja. Ku Italy mu 2019 anthu angapo adadwala chiwindi atamwa makapusozi otere, ndipo boma la Australia lidachenjeza anthu ake za vuto lomweli mu 2023. Taonani kudabwitsa kwa chinenero chathu: munthu wochulutsa chikasu akhoza kudwala matenda a chikasu, maso n'kusanduka achikasu! Mukaona chizindikiro chimenechi, kapena mkodzo woderako kwambiri, siyani pomwepo ndipo pitani kuchipatala.

Chachinayi, pali anthu oyenera kufunsa kaye dokotala. Awa ndi amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, amene ali ndi timiyala m'ndulu kapena mu impso, amene akuyembekezera opaleshoni, ndi amayi apakati amene akufuna kumwa tsiku ndi tsiku. Ena jinja amawapatsa chilungulira akamwa m'mimba mopanda kanthu. Safunsa adadya phula.

Chomaliza ndicho chachikulu. Ambiri tili muno tapitirira zaka 40, msinkhu umene BP ndi shuga zimayamba kugogoda pakhomo. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizidwa ndi WHO mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa n'komwe. BP siipweteka. Munthu amasiya mapiritsi, n'kumamwa tiyi wa chikasu m'mawa ndi madzulo, thupi n'kumamveka bwinobwino, iye n'kumauza anzake kuti wachira. Chimene chimadzamudzidzimutsa ndi sitiroko, ana akadali pasukulu. Palibe umboni woti tiyiyu amachiza BP, shuga, khansa, malungo kapena kachilombo ka HIV. Wa ma ARV apitirize ma ARV ake, wa shuga apitirize mapiritsi kapena jakisoni wake, ndipo wotentha thupi akayezetse malungo tsiku lomwelo.

Vuto lathu ife ophunzira ndi loti kumudzi amatikhulupirira. Tikanena kuti chikasu chimachiza, amalume ndi azakhali amataya mankhwala chifukwa wanena ndi mwana wawo wa ku yunivesite. Uthenga umene timangotumiza pa WhatsApp osauwerenga bwino umakafika kwa anthu amene alibe pofunsa. Maphunziro amene tidalandira atipatsa udindo wosefa nkhani tisanazipereke kwa ena.

Bambo Wapampando, ndili ndi pempho ku komiti. Pa msonkhano wa chaka chamawa tiitane anzathu a m'bungwe lino amene ndi anamwino ndi madokotala kuti adzabwere ndi zipangizo zoyezera BP ndi shuga, aliyense adzayezedwe asanalowe m'holo. Pa nthawi yopuma adzatiphikire tiyi wa chikasu ndi jinja wa shuga pang'ono, tidzamwe mokondwa aliyense akudziwa manambala ake.