NJINGA YA BAMBO KAMKWAMBA



Usiku uno tikambirane za kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, amene adatuluka m'chaka cha 2019. Adamkonza ndi Chiwetel Ejiofor, ndipo nkhani yake ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, mnyamata amene adalekezedwa sukulu posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002.

Kulimba mtima m'kanemayu nkoonekeratu. Mfumu ya m'deralo ikunena poyera pamsonkhano wa mtsogoleri wa dziko kuti anthu akuvutika, ndipo ikumenyedwa chifukwa cha mawuwo. William naye akuwerengabe m'laibulale ndi kutola zitsulo zakutha, ngakhale m'mimba muli pululu.

Nanga chikhulupiriro chili pati? Mapemphero alimo, Gule Wamkulu alimonso pamaliro. Koma mayeso aakulu akugwera bambo wake, a Trywell. Mwana akupempha njinga, chuma chokhacho chotsala pakhomo, kuti aidule apange makina a mphepo opopera madzi. Bambo akukana mwaukali, pakuti njala siiseweretsa. Pambuyo pake akugonja, napereka njingayo asanaone dontho ndi limodzi lomwe. Mphepo itazunguza makinawo, madzi akufika m'munda nthawi ya chilimwe.

Makolo anzanga, mwana amakula msanga pamene wamkulu wamkhulupirira ndi kumsungitsa chinthu cha mtengo wapatali. Inu mukadapereka njinga ija?

Tsalani bwino.