Tisathamangitse mmisiri guluu asanaume



Nkhani imene ndabwera nayo ena aiona ngati yochepa, chifukwa ndi ya guluu wa kalipentala. Komatu ndalama zimene timagulira madesiki a ana athu zimalowa m'madzi pa nkhani yomweyi.

Tsiku lina ndinafika pa sukulu ina m'boma lathu lino la Ntcheu, ndipo ndinapeza madesiki ataunjikidwa kuseri kwa kalasi, miyendo itazuka, teremu imodzi isanathe. Matabwa anali abwinobwino; pomasuka panali polumikizira pokha. Nditafunsa, ndinamva kuti akomiti anakakamiza mmisiri kuti akweze madesikiwo pa galimoto tsiku lomwelo limene anawamata, poti m'mawa mwake kunali mwambo wowalandira.

Guluu woyera amene amisiri athu amagwiritsa ntchito amakhala ndi madzi. Kuti agwire, madziwo ayenera kulowa m'thabwa ndi kuuluka, ndipo zimenezi sizifulumizidwa. Matabwa omatidwa amafunika kupanidwa zolimba kwa mphindi 30 kapena ola lathunthu, koma mphamvu yonse ya guluu imabwera pakatha maola 24. Akauma kunja, m'kati amakhala adakali wofewa. Desiki likagwedezeka nthawi imeneyo, makamaka pa misewu yathu yafumbi ya mabampu, guluu amaduka m'kati mosaoneka ndipo sagwiranso. Misomali imangobisa vutolo kwa miyezi yochepa.

Inu a ku Tsangano ndi ku Lizulu, kuzizira kwanu kwa mu June ndi July mukukudziwa kuposa ine. Kukazizira chotero guluu amachedwa kuuma, ndipo kukafika pansi pa madigiri 10 amatha kungotuwa ngati choko osagwira n'komwe. Mmisiri amate dzuwa litakwera, asunge katundu m'nyumba usiku, ndipo mumuonjezere tsiku. Nyengo ya dzinja, chinyezi chikachuluka, n'chimodzimodzi.

Thabwa laliwisi nalo ndi mdani. Kaya ndi paini kaya bulugamu, likamauma limafota, ndipo polumikizira pamakhwepa ngakhale guluu atakhala wodula.

Pempho langa kwa makomiti ndi ili. Polemba mgwirizano ndi mmisiri, ikanimo masiku oumitsira, ndipo tsiku la mwambo mulisankhe katundu atatha. Alendo akhoza kudikira. Kayendereni ntchito isanapakidwe vanishi, muone ngati mwendo walowa mothina m'bowo mwake, chifukwa guluu ameneyu sadzaza mpata waukulu. Polandira, mmodzi wa inu akhalepo pa desiki, aligwedeze. Likalira kapena kupendama, musasaine.

Kwa inu amisiri, akomiti akakufulumizani, musaope kuwauza kuti abwere mawa. Akakana, kadziwitseni khansala wa dera lanu katundu asanakwere galimoto.