KUPANGANA MALIPIRO PA NCHITO ZA M'CIGWA CA LUANGWA

Madzulo ano ndilankhula ndi inu anyamata ndi atsikana a kwa Mambwe amene mulikukonzekera kukafunsira nchito ku misasa ya alendo ku Mfuwe.

Mwini nchito akatha kukufunsani za sukulu ndi za Cingerezi, kawirikawiri amatsiriza ndi kufunsa malipiro amene mufuna. Ambiri a ife tinaleredwa kuti mwana sachula mtengo pamaso pa wamkulu, motero timangoyankha kuti ciri conse cimene bwana aona. Ulemu wotere ngwokoma kumudzi, koma pa nchito amene adzaulipira ndi ana anu.

Kumbukirani kuti misasa yambiri ya m'thengo imagwira nchito m'malimwe mokha, nitsekedwa mvula ikayamba kuononga miseu. Tsono malipiro a mwezi umodzi asakunyengeni. Agaweni pa miyezi 12, pakuti m'dzinja ndimo cimanga cimakwera mtengo, ndipo njobvu polowa m'munda siyamba yafunsa ngati mwini wace ali pa nchito. Funsani ngati mudzalandirako kanthu msasa utatsekedwa. Funsaninso za cakudya, za pogona, ndi za kagawidwe ka mphatso zimene alendo amasiya. Lamulo la nchito la caka ca 2019 liti pangano la miyezi 6 kapena kupitirira lilembedwe pa pepala, ndipo ku NAPSA inu mumapereka 5 pa 100 ya malipiro anu, mwini nchito naonjezapo 5 yacenso. Kufunsa zimenezi si mwano ai.

Alipo ena onena kuti m'malonda cacikuru ndi phindu, njira yolipezera iribe kanthu. Mbiri ya cigwa cino siwabvomereza. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kupatula dera lina la nyama, kuti alendo azidzaona nyamazo ndi maso, ndalama zao zizipita kwa Akunda eni dziko. Carr anadziwa kuti mlendo amalipirira nyama yamoyo, ndipo nyamayo ikhala ndi moyo ngati anthu oyandikana nayo apezapo cao. Banja losowa cakudya m'dzinja limabwerera ku misampha. Msasa wa Nsefu ulipo kufikira lero.

Cifukwa cace, musanabvomere nchito, pitani kwa wina amene anagwirako caka catha, mukamfunse ngati ankalandira malipiro pa tsiku lace.

Tsalani bwino.